NSANJA YA ASILIKARI KU ZOMBA NDI MAINA AMENE SANALEMBEDWEPO



Monga mwa mwambo wathu, lipoti la pachaka likatha kufotokoza za ndalama, za ana a sukulu ndi za thandizo la odwala, pamatsala masamba ochepa a mbiri yakale. Chaka chino masambawa anena za malo a chikumbutso cha asilikari ku Zomba, kumene ambiri a ife tinafikako kapena kudutsako pa galimoto. Nsanja imene iri pamenepo iri ndi kanthu kotiuza ife a m'mbali mwa nyanja. Anthu amene anachoka m'midzi ya dziko lino kunka ku nkhondo yoyamba ya Azungu anali a magulu awiri, onyamula mfuti ndi osenza katundu. Oyambawo analembedwa pa chikumbutso. Koma achiwiriwo, amene anachuluka kakhumi kuposa anzao, maina ao anatsala m'kamwa mwa agogo athu, ndipo agogowo ali nkutha.

NJIRA NDI MALO AKE

Munthu wochokera ku Salima atsata mseu wa kunyanja, napitirira Chipoka, Mtakataka, Mua ndi Golomoti, nafika ku Balaka. Aoloka Shire pa Liwonde, nakwera zitunda za Machinga, natsikira ku Domasi, kufikira phiri la Zomba limuimira ku dzanja lamanja. Akapyola msika ndi masitolo monga wonka ku Blantyre, aona nsanja yaitali ya njerwa zofiira pafupi ndi malo a asilikari a Cobbe Barracks. Inamangidwa m'zaka za m'ma 1920, pamene Zomba anali likulu la Boma, ulemu umene anakhala nao kufikira 1975. Anaimangira asilikari a King's African Rifles a dziko lino amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo maina oposa 1,000 analembedwa pamenepo. Pafupi pomwepo panamangidwanso nyumba zosungiramo asilikari okalamba osowa owasamala.

Masiku wamba pamalopo pali zii, koma Sabata lachiwiri la mwezi wa November pamadzaza anthu. Asilikari afola, akuru a Boma ndi a mipingo afika, anthu abvala duwa lofiira pa chifuwa. Ikakwana 11 koloko onse akhala chete mphindi 2, lipenga lilira, ndipo nkhata za maluwa ziikidwa patsinde pa nsanja. Mwambo womwewo uchitikanso ku Mzuzu, ndi ku Lilongwe pa nsanja yatsopano ya ku Area 18 imene inamangidwa m'nthawi ya Pulezidenti Bingu wa Mutharika. Ya ku Lilongwe ndiyo iri pafupi ndi ife, koma wofuna chiyambi cha nkhani ayenera kuyambira ku Zomba.

CHIYAMBI CHA KEYALA

Pamene Angerezi anatenga dziko lino mu 1891, Bwanamkubwa woyamba, Harry Johnston, anaitanitsa asilikari a mtundu wa Asikh kuchokera ku India kuti amenyane ndi mafumu ochita malonda a akapolo, monga Makanjira wa kutsidya kwa nyanja, ndi Mlozi wa ku Karonga amene anagonja mu 1895. Asikh anali ochepa ndi odula, chotero Boma linayamba kulemba Atonga ndi Ayao, ndipo pambuyo pake Angoni, Anyanja ndi Alomwe. Mu 1896 gulu limeneli linatchedwa Central Africa Rifles. Posachedwa anayamba kulitumiza kutali: ku chisumbu cha Mauritius mu 1899, ndi ku nkhondo ya Ashanti, m'dziko limene lero ndi Ghana, mu 1900.

Pa 1 January 1902 magulu a asilikari a m'maiko a Angerezi a chigawo chino cha Afrika anaphatikizidwa nakhala King's African Rifles, ndipo bataliyoni yoyamba ndi yachiwiri zinali za dziko lino. Makolo athu pomva Azungu alikutchula malemba atatu aja, K.A.R., anati Keyala, ndipo dzinalo linakhazikika. Ku Somaliland, pa nkhondo ya pa Erego mu October 1902, mtsogoleri wao Alexander Cobbe analandira mendulo yoposa zonse ya Angerezi, Victoria Cross. Ndipo pa Gumburu mu April 1903 anyamata ambiri a bataliyoni yachiwiri anatha psiti m'chipululu. Dzina la Cobbe liri pa chipata cha malo a asilikari kufikira lero. Maina a anyamata a pa Gumburu ndi ochepa angawatchule.

NKHONDO YA CHIWAYA

Nkhondo yaikuru inabuka ku Ulaya mu August 1914, nifika pa nyanja yathu mwezi usanathe. Sitima ya Boma yotchedwa Guendolen, woyendetsa wake Captain Rhoades, inaoloka kunka ku Sphinxhaven, kumene lero kutchedwa Liuli m'dziko la Tanzania, niombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, imene inali pamtunda kukonzedwa. Kuyambira pamenepo nyanja inali m'manja mwa Angerezi, ndipo nchifukwa chake katundu wa nkhondo anadzera pa madzi ano zaka zinai. Mfuti ya Guendolen iri ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya Mfumukazi Victoria. Pa 9 September 1914 Keyala inakomana ndi Ajeremani pa Karonga, niwabweza. Koma ochuluka a akufawo, mbali zonse ziwiri, anali anthu akuda.

Mu November chaka chomwecho mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times. M'menemo anakumbutsa Boma kuti ana a dziko lino anali atamenya kale nkhondo zina za Angerezi, nafunsa chimene iwo, ndi akazi ndi ana amasiye otsala, adzapindula pa nkhondo yosakhala yao. Boma linatsekereza kalatayo. Mu January 1915 Chilembwe anaukira Boma, naphedwa mu February. Funso lake linatsala lopanda yankho, ndipo nkhondo inakulirakulira.

Mu 1916 General Northey anatenga utsogoleri wa asilikari a Nyasaland ndi Rhodesia, naloŵa m'dziko la Ajeremani kumpoto kwa nyanja. Mkuru wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anali wochenjera: sanafune kuima malo amodzi, koma anamenya nathawa, namenyanso, kuti Angerezi atope ndi kumlondola. Mu November 1917 anaoloka mtsinje wa Rovuma kulowa kwa Apwitikizi. Mu 1918 anabwerera kumpoto, nakhotera ku Northern Rhodesia, nafika mpaka ku Kasama. Anatula zida pa Abercorn, kumene lero ndi Mbala, pa 25 November 1918, patapita masabata awiri chilekere nkhondo ku Ulaya. Makolo athu anaitcha Nkhondo ya Chiwaya, potengera mfuti ija yolira kosalekeza. Asilikari a dziko lino amene analowa Keyala pa nkhondoyo anali pafupifupi 19,000.

AMTENGATENGA

Tsono tifike pa mtima wa nkhani. Msilikari sangamenye nkhondo popanda chakudya, zipolopolo, mankhwala ndi mahema, ndipo zonsezi zinafunika kumtsata kuli konse anapita. M'maiko amene munali nkhondoyo munalibe miseu yeniyeni. Ng'ombe, akavalo ndi abulu zinali kufa ndi kashembe. Magalimoto anali ochepa, ndipo dzinja likafika anatitimira m'matope. Katundu anatuluka m'zombo pa Chinde, kumathiriro a Zambezi, nakwera ndi mtsinje ndi njanji kufikira Blantyre, napita ku Fort Johnston, ndiko ku Mangochi, nakwezedwa m'sitima za pa nyanja kunka kumpoto. Kuchokera pa dooko kufikira pamene panali asilikari panatsala galimoto imodzi yokha, ndiyo mutu wa munthu.

Munthu mmodzi anasenza mapaundi 50 kapena 60. Koma wosenzayo nayenso adya. Tiyese kuwerenga monga ana a sukulu: munthu wosenza mapaundi 50 a ufa, iye mwini alikudya mapaundi 2 pa tsiku, pakutha masiku 25 adzakhala atadya katundu wake yense, msilikari osalandira kanthu. Chotero m'mene Lettow-Vorbeck anathawira kutali, momwemonso panafunika osenza ena onyamulira chakudya osenza anzao, ndipo chiwerengero chinakwera kosaleka. Olemba mbiri apeza kuti amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anagwira nchito ya mtengatenga. Kalembera wa 1921 anapeza anthu pafupifupi 1,200,000 m'dziko lonse, kuphatikiza akazi, ana ndi nkhalamba. Ngakhale tichotsepo amene anatengedwa kawiri, tiona kuti amuna amphamvu ochuluka anasenzako katundu wa nkhondo. Masiku amenewo Salima sanali boma payekha, njanji inali isanafike, pakuti inafika mu 1935, ndipo dooko lodziwika la kuno linali Domira Bay. Koma pa chiwerengero chotere sitingayese kuti midzi ya kwa Maganga, kwa Pemba, kwa Ndindi, kwa Kuluunda kapena kwa Khombedza inalumphidwa.

Poyamba ena anapita mwa kufuna kwao chifukwa cha malipiro ndi ndalama ya msonkho. Koma mbiri ya zowawa za kumeneko itamveka m'midzi, anthu anayamba kukana, ndipo Boma linagwiritsa nchito mphamvu. Mfumu inauzidwa chiwerengero cha amuna oti ipereke. Apolisi anazinga midzi usiku. Wosakhoma msonkho anagwidwa, ndipo nthawi zina akazi anasungidwa kufikira amuna ao atatuluka m'tchire. Anthu anati ameneyu ndi thangata yemweyo, wangobvala malaya a nkhondo. Mafumu anali pakati pa moto uwiri, pakuti akakana anaopa Boma, akabvomera anadana ndi mbumba zao.

Amtengatenga ambiri sanafe ndi chipolopolo iai. Anafa ndi kamwazi chifukwa cha madzi oipa ndi ufa wosapsa bwino, ndi malungo, ndi chibayo m'mapiri ozizira a kumpoto kwa nyanja, kumene munthu wozolowera kutentha kwa kuno anagona pa mame, mimba yopanda kanthu. Wodwala pa njira anatsala pomwepo, mtolo wake nusenzedwa ndi wina. Kumudzi nako minda inachepa popeza olima anachoka, ndipo Boma linali kugulanso chakudya mokakamiza. Pakutha pa 1918 inafika nthenda ya fuluwenza, niyenda m'njira zomwezo zimene anadzera obwerera kwao, nipha anthu ambiri amene nkhondo inawasiya.

NKHONDO YACHIWIRI NDI ZA PAMBUYO PAKE

Pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 amuna oposa 25,000 a dziko lino anabvalanso yunifolomu. Mu July 1940 anyamata a bataliyoni yoyamba analimbana ndi Ataliyana pa Moyale, m'malire a Kenya ndi Abyssinia, ndipo ndiko kunachokera dzina la Moyale Barracks ku Mzuzu. Mu August chaka chomwecho a bataliyoni yachiwiri anamenya pa Tug Argan ku Somaliland. Ena anapita ku Madagascar mu 1942, ndi ku Burma mu 1944, kumene anatsika chigwa cha Kabaw m'mvula yosakata kufikira mtsinje wa Chindwin, alikumenyana ndi Ajapani. Mu 1952 anatumizidwanso ku Malaya. Pa nkhondo zimenezi magalimoto ndi ndege zinali zitachuluka, ndipo chigulu cha osenza pamutu chonga chija cha nkhondo yoyamba sichinatengedwenso m'midzi mwathu.

Dziko litalandira ufulu pa 6 July 1964, bataliyoni yoyamba ya Keyala inasanduka Malawi Rifles, ndipo mu 1972 Graciano Matewere anakhala Mmalawi woyamba kutsogolera asilikari onse. Ife a ku Salima nkhani ya usilikari tiri nayo pakhomo, pakuti sukulu ya asilikari ya MAFCO iri m'boma lathu lino, ndipo a maparachuti ali ku Senga Bay. Msilikari wa masiku ano akafa, dzina lake silitayika. Private Chancy Chitete, amene anafa mu November 2018 pafupi ndi Beni m'dziko la Congo populumutsa mnzake wa ku Tanzania wobvulala, analemekezedwa ndi United Nations mu 2019 ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Umo ndimo ziyenera kukhalira. Funso ndi lakuti, nanga aja a mitolo?

CHIMENE MIYALA SINENA

Mu 1917 Angerezi anakhazikitsa bungwe losamala manda a nkhondo, limene lero litchedwa Commonwealth War Graves Commission. Lamulo lake linali lakuti wakufa aliyense akumbukiridwe ndi dzina lake, popanda kusankha udindo kapena mtundu. Ku France ndi ku Belgium lamulolo linasungidwa bwino lomwe. Pa Karonga pali manda a Azungu, Angerezi ndi Ajeremani, osamalidwa kufikira lero. Koma kuno ku Afrika akuru a nthawi imeneyo anaganiza kuti anthu akuda sasamala za manda, chotero m'mizinda ya Nairobi, Mombasa ndi Dar es Salaam anaimika zifanizo zokumbukira asilikari ndi osenza katundu onse pamodzi, popanda maina. Mu April 2021 bungwe lomwelo linatulutsa lipoti lobvomereza kuti anthu osachepera 116,000, kapena kufikira 350,000, ochuluka a iwo a mu Afrika, sanakumbukiridwe ndi maina ao kapena sanakumbukiridwe konse. Ndipo nduna ya za chitetezo ya ku Britain, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo ya kwao.

Pa ichi nsanja ya ku Zomba iri ndi ulemu wake, pakuti pamenepo munthu wakuda analembedwa ndi dzina. Koma ndi nsanja ya Keyala, ndipo wamtengatenga sanali wa Keyala. Ganizo lija lakuti ife sitisamala za akufa linali bodza loonekeratu. Kodi pali mudzi kuno wopanda manda ake? Mkristu amanga chiliza, Msilamu achita sadaka, wa mwambo wa makolo aphika mowa wa chikumbutso. Chowawa cha amtengatenga ndi chakuti abale ao sanaone mtembo, sanamete maliro pa nthawi yake, ndipo mkazi anadikira zaka osadziwa ngati ali wamasiye kapena iai.

Komabe anthu athu anakumbukira m'njira yaoyao. Magule a beni, mganda ndi malipenga, ndi mizere yao yoongoka, zobvala zoyera, kapitao wolamula ndi malipenga a zikho, anafala m'mbali mwa nyanja ino potsanzira perete wa asilikari. Ndipo liu lija lakuti mtengatenga silinafe: lero tilimva pa wailesi potchula unduna woona za miseu, njanji ndi sitima. Ambiri alitchula osadziwa kuti linayamba ndi thukuta la agogo ao. M'zaka za m'ma 1970 mphunzitsi wa mbiri Melvin Page, mothandizidwa ndi Amalawi, anayenda m'midzi nalemba mau a nkhalamba zimene zinaona nkhondoyo, ndipo buku lake, The Chiwaya War, linatuluka mu 2000. Koma munthu mmodzi sangafike m'mudzi uli wonse. Mutu umodzi susenza denga.

PEMPHO KWA MAMEMBALA

Onse amene anasenza mitolo ija anapita kale. Otsala ndi adzukulu ao, amene anamva nkhani pa moto kuchokera m'kamwa mwa eni ake. Munthu wobadwa mu 1940 lero wapyola zaka 80, ndipo iye akagona, dzina la agogo ake ligona naye. Madzi akatayika saoleka. Chifukwa chake ndipempha kuti Bungwe lichite zinthu zitatu m'chaka chikudzachi.

Choyamba, ligule buku limodzi lolimba, likhale m'manja mwa Mlembi. Membala aliyense akapita kumudzi afunse okalamba, makamaka amai, pakuti kuno kwathu mbiri ya mbumba isungidwa ndi akuchikazi. Alembe dzina la munthuyo ndi mfunda wake, mudzi ndi mfumu yake, nkhondo imene anapitako, ngati anali msilikari kapena wamtengatenga, ndiponso ngati anabwera kapena anatsala komweko. Alembenso dzina la wonenayo. Chimene okalamba sakumbukira bwino chisiyidwe chopanda kanthu. Tisadzaze mpata ndi zopeka, pakuti buku la maina likalowa bodza limodzi lonse likayikitsa.

Chachiwiri, amene ali ndi mamendulo, makalata otulukira usilikari kapena zithunzi m'masutikesi, alole kuti zijambulidwe, zenizenizo zibwerere kwa eni ake tsiku lomwelo. Bukulo likadzaza, lina lofanana nalo litumizidwe ku nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko, National Archives, ku Zomba, kuti ofufuza a m'tsogolo akalipeze.

Chachitatu, pa Sabata lachiwiri la November mamembala amene angathe apite ku Zomba kapena ku Lilongwe, atenge ndi ana a sukulu owerengeka. Ndipo otsala kuno asonkhane pa bwalo la mfumu, maina a m'buku awerengedwe mokweza, a asilikari ndi a amtengatenga pamodzi, mudzi ndi mudzi. Nchito imeneyi sifuna njerwa kapena simenti, ifuna buku, cholembera ndi ulemu wokhala pansi pamaso pa akuru. Mafumu athu akatitsegulira njira, tikhulupirira kuti lipoti la chaka chamawa lidzakhala ndi tsamba loyamba la maina amenewa.

Ndatha ine wanu m'nchito ya Bungwe,
Mmodzi wa a Komiti.